Kukonza Zithunzi za Pansi pa Madzi: Mafunso ndi Mayankho a pa Gombe la Salima

Gombe la Salima, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku zilumba za Maleri, ndi amodzi mwa malo amene anthu amajambulako nsomba za m'Nyanja ya Malawi zili m'madzi momwemo. Ojambulawo ndi osiyanasiyana, pakuti alipo ofufuza za nsomba, alipo ogwira ntchito m'malo ogona alendo amene amafuna zithunzi zokopera makasitomala, komanso alipo achinyamata amene amaika foni m'kathumba kosalowa madzi n'kusambira nayo m'mbali mwa miyala. Onsewa akatuluka m'madzi amapeza vuto limodzi, loti chithunzi chatuluka chobiriwira, chachifunga ndiponso chodzaza timadontho toyera, pomwe nsomba imene anaiona ndi maso inali yowala bwino. Mafunso otsatirawa akufotokoza zimene pulogalamu ya pa kompyuta kapena pa foni ingabwezeretse pa chithunzi chotere, ndi zimene siyenera kuwonjezerapo.

N'chifukwa chiyani chithunzi cha pansi pa madzi chimataya makaka ake?

Kuwala kwa dzuwa, ngakhale kumaoneka koyera, ndi msakanizo wa mitundu ingapo ya kuwala, yomwe ija imaoneka mu utawaleza, ndipo madzi sameza mitundu yonseyi pa mlingo umodzi. Kuwala kofiira ndiko kumayamba kutha, moti pofika mamita pafupifupi 5 kumakhala kutatsala kochepa kwambiri. Kenako kumatha kwa olenji ndi kwachikasu, pomwe kobiriwira ndi kwa buluu kumafika patali. Chimene ojambula ambiri amaiwala n'chakuti powerengera mtundawu sawerenga kuya kokha, chifukwa kuwala kumayenda ulendo wa zigawo ziwiri: kuchokera pamwamba pa madzi kufika pa nsomba, kenako kuchokera pa nsomba kufika pa kamera. Nsomba ya mbuna imene ili pa kuya kwa mamita 3 koma yatalikirana ndi wojambula mamita 3, kuwala kwake kwadutsa madzi okwana mamita 6, ndipo kufiira kwake kumatayika mofanana ndi kwa nsomba ya pamalo akuya kwambiri imene yajambulidwa pafupi.

Vuto lachiwiri limachokera ku tinthu ting'onoting'ono toyandama m'madzi, monga matope, tizomera ndi tizilombo tosaoneka bwino ndi maso, timene timamwaza kuwala mbali zonse, kotero kuti pakati pa kamera ndi nsomba pamakhala chifunga chimene chimachepetsa kusiyana kwa malo owala ndi malo akuda. Munthu akakhala m'madzi sazindikira msanga zonsezi chifukwa ubongo umazolowera kuwala kumene kulipo n'kumakonza wokha zimene maso akuona, pomwe kamera imangolemba kuwala kumene kwafika pa sensa yake, ndiko kuti kachipangizo kolandira kuwala kamene kali kuseri kwa galasi.

Kodi madzi a ku Salima ali ndi vuto lawolawo?

Ali nalo, ndipo gwero lake lalikulu ndi mtsinje wa Linthipe, umene umalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe ndi mitsinje ina yodutsa m'minda ya m'chigawo chapakati, n'kukathira m'nyanja kufupi ndi zilumba za Maleri. M'dzinja mtsinjewu umabweretsa matope ambiri, moti madzi a kumeneko amada ndipo munthu saona patali. Mvula ikatha pamabwera mwera, mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imawomba kwambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mafunde ake amavundula mchenga m'malo osaya. Nyengo imene madzi amakonda kuyera ndi ya pakati pa Seputembala ndi Novembala, mwera utachepa mphamvu koma mvula isanayambe.

Zotsatira zake n'zakuti zithunzi za kuno zimapendekera ku kubiriwira, nthawi zina kubiriwira kosakanikirana ndi bulauni, kusiyana ndi zithunzi za m'nyanja zamchere zoyera kwambiri, monga Red Sea, zimene zimapendekera ku buluu. Apa ndi pamene ma preset ambiri a pa intaneti amalepherera. Preset ndi miyezo yokonzeratu imene munthu amaidina kamodzi n'kusintha chithunzi chonse, ndipo yambiri ya pansi pa madzi inapangidwa poyang'ana madzi a buluu, motero imathira kufiira ndi olenji wambiri. Ikaikidwa pa chithunzi cha ku Maleri, miyala imafiira ngati njerwa zootcha, koma kubiriwira kwa madzi kumakhalabe pomwepo, chifukwa chothetsa kubiriwira ndi magenta, mtundu wofiira wopita ku pepo.

RAW n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani akatswiri amaiumirira chonchi?

Kamera ikasunga chithunzi ngati JPEG, imakhala itasankha kale makaka, itataya uthenga umene yauona ngati wosafunika, ndiponso itapanikiza fayilo kuti lichepe. JPEG imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu imene chithunzi chimapangidwa nayo, yomwe ndi wofiira, wobiriwira ndi wa buluu. RAW ndi fayilo losunga zimene sensa inalandira zisanakonzedwe, ndipo m'makamera ambiri limakhala ndi masitepe 4,096 kapena 16,384 pa mtundu uliwonse. Pa chithunzi cha pamtunda kusiyana kumeneku sikuoneka nthawi zonse, koma pansi pa madzi, pamene kufiira kwatsala kochepa ndipo kuyenera kukwezedwa kangapo, JPEG imasweka msanga: madzi a kumbuyo amaoneka mizeremizere, ndipo pathupi pa nsomba pamabuka zigamba za makaka achilendo. Mafoni ambiri a masiku ano amatha kusunga RAW ya mtundu wa DNG munthu akalowa pa gawo la kamera lolembedwa Pro, ndipo makamera ena a GoPro nawonso ali ndi RAW yawo. Mtengo wake ndi malo, chifukwa mafayilowa ndi aakulu ndipo khadi limadzaza msanga.

Ndi pulogalamu iti yoyenera kugwiritsa ntchito?

Lightroom ndi Photoshop, za kampani ya Adobe, ndizo zofala pakati pa ojambula, koma zimalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka ndi ndalama zakunja, zimene si aliyense angazipeze mosavuta. Darktable ndi RawTherapee zimatsegula RAW, GIMP imagwira ntchito zambiri za Photoshop, ndipo zitatu zonsezi n'zaulere komanso sizifuna intaneti munthu akaziika kale m'kompyuta. Pa foni pali Snapseed ya Google, imene imatsegula DNG. Zida zofunika pa chithunzi cha m'madzi zimapezeka pafupifupi mu onsewa, kungoti maina amasiyana. Chimene chimawononga ntchito kawirikawiri ndi malo okonzera: munthu wokhala pakhonde masana dzuwa likuswa mtengo saona bwino sikirini, amakweza kuwala ndi makaka mopyola, ndipo usiku chithunzi chomwecho chimaoneka chopsa. Ndi bwino kukonzera pamthunzi, sikirini ili pa kuwala kwapakati, ndipo chosefera chachikasu choteteza maso usiku chili chozimitsa.

Kodi kukonza kumayambira pati?

Kumayambira pa white balance, ndiko kuti kuuza pulogalamu chimene chiyenera kuoneka choyera kapena chotuwa, kuti makaka ena onse awongokere pamenepo. Ntchitoyi ili ndi miyezo iwiri. Woyamba ndi temperature, umene umasuntha chithunzi pakati pa buluu ndi chikasu ndipo umawerengedwa mu Kelvin, kuwala kwa masana pamtunda kukhala pafupifupi 5,500. Wachiwiri ndi tint, umene umasuntha chithunzi pakati pa kubiriwira ndi magenta. Pa zithunzi za ku Salima temperature imafunika kukwezedwa ndithu, koma muyezo umene umagwira ntchito yaikulu ndi tint, ndipo ojambula ongoyamba kumene amauiwala chifukwa pa zithunzi za pamtunda sukhudzidwa kawirikawiri.

Njira yachidule ndiyo kugwiritsa ntchito chida chotchedwa eyedropper, chimene munthu amadina nacho pa malo amene akudziwa kuti ndi otuwa kapena oyera, pulogalamu n'kuwerengera yokha miyezo iwiri ija. Funso limakhala lakuti adine pati. Mchenga wa pansi umakopa, koma mchenga wa ku Senga Bay si woyera, uli ndi chikasu chake, ndipo pulogalamu ikauzidwa kuti ndi wotuwa imachotsa chikasu chimenecho m'chithunzi chonse, nsomba yachikasu n'kuoneka yofwifwa. Miyala nayo ndi yonyenga, chifukwa yambiri yakutidwa ndi ndere zimene mbuna zimadya, ndipo nderezo ndi zabulauni kapena zobiriwira. Chodalirika ndi kabolodi koyera kapena kotuwa kamene wojambula amatsika nako, n'kukajambula koyamba pa kuya kulikonse kumene wafika, katatalikirana ndi kamera mofanana ndi nsomba zimene akufuna kujambula. Pokonza amadina pa kabolodiko, kenako amakopera miyezoyo ku zithunzi zonse za pa kuya komweko. Thanki la mpweya losapentedwa la mnzake wosambira naye limathandizanso kabolodi kakaiwalika.

Eyedropper ikatha ntchito yake, nthawi zambiri pamafunika kubweza miyezoyo pang'ono, chifukwa kuwongola nsomba kotheratu kumasandutsa madzi a kumbuyo kukhala otuwa kapena a pepo, ndipo chithunzi chimaleka kuoneka kuti chinajambulidwa m'nyanja.

Nanga kufiira kukakhala kuti kunatheratu?

Kuti munthu adziwe ngati kwatheratu amayang'ana histogram, kachithunzi ka mapiri kamene kamasonyeza kuchuluka kwa malo akuda kumanzere ndi malo owala kumanja, pa mtundu uliwonse mwa itatu ija. Pa chithunzi cha pa kuya kwa mamita 10 chojambulidwa popanda fulashi, phiri lofiira limakhala litapanikizika kumanzere kwenikweni. Kulikoka mokakamiza kumakweza noise, tiufa tamawangamawanga timene sensa imatulutsa ikalandira kuwala kochepa, ndipo chithunzi chimadzaza timadontho tofiira. Njira yofatsa ndi chida chotchedwa channel mixer, chimene chimalola kubwereka gawo la uthenga wa mtundu wobiriwira, womwe uli ndi tsatanetsatane woyera, n'kuuthira mu mtundu wofiira. Chithunzi chimasalala ndipo chimafunda, koma wokonza adziwe kuti kufiira kumeneko n'kongoyerekeza, kamera sinakuone.

Zikafika pamenepa, kusandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera kumakhala chisankho chaulemu kuposa kupenta. Matanthwe aakulu a pansi pa zilumba, khamu la utaka likudutsa pamwamba pa wojambula, ndi timabwalo ta mchenga timene nsomba zina zazimuna zimaumba pokopa zazikazi, zonsezi zimaoneka bwino popanda makaka, chifukwa kukongola kwake kuli m'kaumbidwe ndi m'mithunzi.

Bwanji nsomba imafiira mopyola pamene madzi akonzedwa bwino?

Izi zimachitika pa chithunzi chimene chili ndi kuwala kwa magwero awiri. Fulashi imabwezera kufiira pa zinthu zapafupi zokha, mwina mita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, pomwe zakutali zimaunikiridwa ndi dzuwa losefedwa ndi madzi. White balance imodzi singakwanire zonse ziwiri, choncho pamafunika mask, ndiko kuti kusankha gawo la chithunzi limene kusinthako kukhudze n'kusiya linalo. Wokonza amaika white balance yoyenera nsomba imene yaunikiridwa, kenako amasankha madzi ndi miyala ya kumbuyo n'kuikonza payokha, m'mphepete mwa mask mutafewetsedwa kuti pasaoneke mkombero wowala kuzungulira zipsepse.

Ngakhale popanda fulashi, mfundo yake ndi yomweyo, yakuti chinthu chilichonse m'chithunzi chataya makaka molingana ndi kutalika kwake. M'chaka cha 2019 Derya Akkaynak ndi Tali Treibitz a ku University of Haifa anafalitsa njira yotchedwa Sea-thru, imene imayamba yapeza mtunda wa malo aliwonse a m'chithunzi kuchokera pa kamera, kenako n'kuchotsa chifunga ndi kubwezera makaka malinga ndi mtundawo. Wokonza ndi manja sangafike pa kulondola kotero, koma angatengepo phunziro loti mwala wapafupi ndi mwala wakutali sizifuna mankhwala ofanana.

Timadontho toyera tija timachotsedwa bwanji?

Ojambula amatitcha backscatter, ndipo ndi tinthu toyandama tija timene fulashi yatiunikira tili pakati pa galasi ndi nsomba. Tikakhala tochepa, chida cha spot healing, chimene chimaphimba kadontho ndi maonekedwe a malo oyandikana nako, chimakwanira, bola munthu akulitse chithunzi pa sikirini ndi kudekha. Tikachuluka pa madzi a kumbuyo, njira yachangu mu Photoshop ndiyo kupanga layer yachiwiri, ndiko kuti kope la chithunzi losanjikidwa pamwamba pa loyamba, kuikapo sefa yotchedwa Dust & Scratches mpaka timadontho titasungunuka, kenako kugwiritsa ntchito mask kuti sefayo ioneke pa madzi pokha. Sefayi siyenera kukhudza nsomba, chifukwa sisiyanitsa fumbi ndi mamba, ndipo imafufutanso timawanga ta pa chipsepse cha kumunsi timene mbuna zazimuna zambiri zimakhala nato, tachikasu kapena ta olenji, tofanana ndi mazira. Tiana ta nsomba timene tatuluka m'kamwa mwa make n'kumayandama pafupi naye timaonekanso ngati zinyalala pa chithunzi chosakulitsa, ndipo wokonza wopupuluma amatifufuta osadziwa kuti wachotsa nkhani yeniyeni ya chithunzicho.

Kupewa n'kosavuta kuposa kuchotsa: kuyandikira nsomba, kuika fulashi m'mbali motalikirana ndi galasi, ndi kusavundula mchenga ndi mapazi.

Chifunga ndi kusaoneka bwino kwa tsatanetsatane zimathetsedwa motani?

Choyamba ndi kutsitsa muyezo wa malo akuda mpaka mapanga a pansi pa miyala atada ndithu, ndi kukweza wa malo owala mosapsereza mimba yoyera ya nsomba. Muyezo wa Dehaze, umene Adobe inauika mu Lightroom m'chaka cha 2015, umachotsa chifunga mwamphamvu, koma umadetsa madzi, umakometsa buluu mopyola ndiponso umaonetsa timadontho timene tinabisika, choncho ndi bwino kuuika pang'ono ndiponso pa nsomba ndi miyala yapafupi pokha. Ngati m'mphepete mwa chithunzi muli timizere ta pepo kapena tobiriwira totsatira m'mbali mwa zinthu, vuto lofala pamene kamera ili kuseri kwa galasi lafulati, limene dzina lake ndi chromatic aberration, pali batani lake lochotsera. Kuchepetsa noise kubwere kunola chithunzi, ndiko kuti kuonetsa bwino tsatanetsatane wake, kusanachitike, ndipo kunola kukhale komalizira, kolunjika pa diso ndi mamba. Chithunzi chimene chinagwedezeka pojambula palibe pulogalamu ingachiwongole mokhulupirika.

Kodi malire a kukonza ali pati?

Funsoli ndi lolemera pa Nyanja ya Malawi kuposa m'malo ena ambiri. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri ndi ya banja la cichlid, lomwe muli mbuna, utaka ndi chambo. N'chifukwa chake Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 ndipo zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili m'kati mwake, inalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse m'chaka cha 1984. Mbuna zambiri zimakakamira pa miyala ndipo sizikonda kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, motero gulu la pa chilumba chimodzi limatha kusiyana ndi la pa chilumba china, ndipo kusiyanako kumaonekera kwambiri pa makaka a nsomba zazimuna: kuwala kwa buluu, chikasu cha pa zipsepse, kuchuluka kwa mizere yakuda. Zazikazi zimasankha zazimuna poyang'ana, mwa zina, makaka omwewo, ndipo ofufuza amawagwiritsa ntchito posiyanitsa mitundu yofanana thupi.

Salima ili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Malemu Stuart Grant ankasonkhanitsa ndi kutumiza kunja nsomba zamoyo za m'nyanjayi kuchokera ku Kambiri Point, ndipo nsomba ya Aulonocara stuartgranti inatchedwa dzina lake. Pa malonda amenewa nsomba zimadziwika ndi malo amene zinachokera, moti Aulonocara yachikasu ya nkhope ya buluu ya ku zilumbazi oweta nsomba akunja amangoitchula kuti Maleri. Mabuku a zithunzi a Ad Konings, katswiri wa ku Netherlands amene wajambula nsomba za m'nyanjayi kwa zaka zambiri, amadaliridwa chifukwa amasonyeza nsomba iliyonse pamodzi ndi malo ake. Munthu akakweza saturation, muyezo wokometsa makaka onse, mpaka chikasu chitasanduka olenji, kapena akasuntha buluu kuti awale kwambiri, amakhala wapanga nsomba imene kulibe ku Maleri, ndipo chithunzicho chikafalikira chimasokoneza wophunzira, wogula ndi mlendo amene adzafike akuyembekezera kuona zomwezo. Nsomba yaikazi ya mitundu yambiri ndi yotuwa kapena yabulauni mwachibadwa, ndipo kufwifwa kwakeko si vuto lofuna kukonzedwa.

Zida zatsopano za AI, zimene zimadzaza malo opanda kanthu kapena kukulitsa chithunzi chaching'ono, zimawonjezera chiopsezo china, chifukwa zimapeka mamba, mizere ndi minga ya zipsepse poyerekeza ndi zithunzi zina zimene zinaphunzirapo. Pa chithunzi cha umboni zida zimenezi zisakhudze thupi la nsomba. Mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, umene umayendetsedwa ndi Natural History Museum ya ku London, umaitanitsa mafayilo oyambirira a zithunzi zimene zafika kumapeto pofuna kutsimikiza kuti palibe chowonjezedwa. Muyezo wabwino ndi womwewo ngakhale kwa amene sakupikisana: kubwezera zimene madzi anachotsa n'kololedwa, kuika zimene kunalibe ayi. Chithunzi chotsatsira malo ogona alendo chingakometsedwe pang'ono pa madzi ndi kuwala, koma nsomba ikhale momwe ilili.

Chithunzi chikatha kukonzedwa chisungidwe ndi kutumizidwa bwanji?

Cha pa intaneti chitulutsidwe ngati JPEG ya sRGB, dongosolo la makaka limene mafoni ndi masikirini ambiri amaliwerenga molondola. WhatsApp ndi Facebook zimapanikiza zithunzi, ndipo madzi osalala a kumbuyo ndiwo amayamba kuoneka mizeremizere, choncho chithunzi chopita kwa wosindikiza kapena wofufuza chitumizidwe pa WhatsApp ngati dokyumenti. Mafayilo asungidwe malo awiri osiyana, chifukwa makhadi ndi mafoni sakhalitsa pamalo a chinyezi ndi mchenga. Wojambula aliyense wa pa gombe la Salima alembe pa chithunzi chake dzina la chilumba kapena gombe, tsiku, kuya kwa madzi, ndiponso ngati anagwiritsa ntchito fulashi, ndipo fayilo la RAW asalifufute ngakhale chithunzi chokonzedwacho chitasindikizidwa kale.